Kudulira mtengo wa mango kuti ubereke bwino

Kucokera ku Cuamba kukafika ku Mandimba ndi ku Ngauma, n'kovuta kupeza mudzi wopanda mtengo wa mango. M'mbali mwa Nyanja ya Amaramba, mukaona mitengo ikuluikulu ya mango ili pamodzi, mumadziwa kuti pamenepo pali mudzi, kapena panali mudzi kale.

Mango amapsa kuyambira mu Novembro mpaka mu Janeiro. Nthawi imeneyi cimanga ca m'nkhokwe cimakhala citacepa, ca kumunda cisanakhwime. Ana ambiri amagonera mango omwewa. Amayi amawagulitsa m'mbali mwa msewu wa N13, n'kupeza ya sopo ndi mcere.

Koma mitengo yambiri tinangoisiya kuti idzionere yokha. Inatalika kwambiri, m'kati mwake muli mdima bii. Mango ali kumwamba kumene dzanja silifika. Timawagenda ndi miyala, amagwa n'kuphwanyika. Ena amacita madontho akuda, ena timawapeza ali ndi mphutsi. Mwana akakwera kuti akathyole, mtima wa kholo umakhala m'mwamba. Zambiri mwa zimenezi zingacepe ngati tiphunzira kudulira.

Kudulira n'ciyani?

Kudulira ndi kucotsa nthambi zina za mtengo, mosankha, kuti zotsalazo zikule bwino ndi kubereka bwino. Ena amati kusadza, ena amati kuthenera.

Si nzeru yacilendo ayi. Alimi a fodya a ku Mandimba ndi ku Ngauma amathena fodya wawo. Amacotsa nsonga ndi mphukira kuti mphamvu ipite kumasamba. Cimanga naconso timapatulira cikamera cothinana. Mtengo wa mango umafuna cisamaliro cangati comweco.

Kudulira n'kosiyana ndi kungodula nthambi cifukwa tikufuna nkhuni. Wodulira amayamba wayang'ana mtengo wonse. Amadziwa nthambi imene akucotsa, ndiponso cifukwa cake.

Kodi mango amabereka pati?

Funso ili ndiye mutu wa nkhani yonse. Tsiku lina mu Agosto, imani pansi pa mtengo wa mango ndipo muyang'ane. Maluwa ali kunsonga kwa nthambi, kunja kumene kumawomba dzuwa. M'kati mwa mtengo, mumthunzi, muli nthambi zoonda ndi zouma, zopanda maluwa.

Conco mango amabereka kunsonga, ndipo nsongazo zimafuna dzuwa. Mtengo wokhala ndi nsonga zambiri zoona dzuwa umabereka kwambiri. Mtengo wautali, wothinana, umangobereka pamwamba ndi m'mbali basi. Pakati ponsepo ndi pogona mbalame.

Cinanso n'cakuti nsonga siicita maluwa ikadali yanthete. Masamba atsopano a mango amatuluka ofiirira ndi ofewa. Kenako amasanduka obiriwira ndi olimba. Nthambi yotere imafuna miyezi ingapo kuti ikhwime. Ikakhwima, nyengo yozizira ikafika, ndi pamene imatulutsa maluwa. Mukagwira mfundo ziwirizi, zina zonse muzimva mosavuta.

Phindu la kudulira

1. Dzuwa limalowa m'kati. Nsonga zobereka zimaculuka, ndipo mango amakhala okula ndi ooneka bwino.

2. Mphepo imadutsa. Masamba amauma msanga mvula ikagwa kapena mame akagwa. Matenda a madontho akuda, amene alangizi amawachula kuti antracnose, amakonda malo a cinyezi. Palinso matenda ena ooneka ngati phulusa pamaluwa, ochedwa oídio, amene amayoyola maluwa. Onsewa amakula kwambiri mumtengo wothinana. Kufupi ndi nyanja ndi m'madambo, kumene m'mawa kumacita nkhungu, nkhani imeneyi ndi yaikulu.

3. Mtengo umakhala waufupi. Mango mumathyola ndi dzanja kapena ndi ndodo yaifupi. Bango losagwa pansi silicita bala, limakhalitsa, ndipo pamsika limagulidwa bwino.

4. Ngozi zimacepa. Nthambi zouma sizigwera denga kapena anthu mphepo ya mkuntho ikabwera. Ana sakwera patali.

5. Mumapeza nkhuni popanda kugwetsa mtengo. Kunyanja nkhuni zimafunika zambiri, zophikira ndi zowambira nsomba. Mtengo wodulira umakupatsani nkhuni pang'ono caka ciliconse, ndipo mango mumadyabe.

Nthawi yabwino yodulira

Nthawi yabwino ndi pamene mwangomaliza kuthyola mango onse. Kuno nthawi zambiri ndi mu Janeiro kapena mu Fevereiro. Mitundu ina yomezanitsa, monga Keitt, imapsa mocedwa. Musayang'ane kalendala yokha, yang'anani mtengo wanu. Bango lomaliza likacoka, yambani.

Cifukwa cake n'ciyani? Nthawiyi m'nthaka muli madzi. Mtengo umaphuka msanga, ndipo mphukirazo zimapeza nthawi yokhwima cisanu cisanafike. Mukacedwa mpaka mu Maio kapena mu Junho, mumadula nsonga zimene zinali pafupi kucita maluwa. Mtengo umatulutsa masamba m'malo mwa maluwa, ndipo caka cimeneco mango mulibe.

Popeza iyi ndi nyengo ya dzinja, sankhani tsiku lopanda mvula. Dulirani m'mawa mame atauma, kuti mabala aume ndi dzuwa. Kudula mvula ikugwa kumalowetsa matenda pabala.

Nayi nchito ya caka conse mwacidule:

Janeiro ndi Fevereiro: kudulira kwenikweni, mango atatha.
Março ndi Abril: kupatulira mphukira zimene zatuluka zambiri pamalo amodzi.
Maio ndi Junho: mtengo ukupuma. Cotsani zouma zokha.
Julho mpaka Setembro: nthawi ya maluwa. Musadule ciliconse.
Outubro mpaka Dezembro: mango akukula ndi kupsa. Tolani onse akugwa.

Zida zofunika

Nthambi zazing'ono, zonenepa ngati cala, zimadulidwa ndi mpeni wakuthwa kapena sizasi yodulira mitengo. Nthambi zazikulu zimafuna sowo, imene ena amati serote. Sowo imaceka bwino, siing'amba khungwa.

Ambirife tili ndi cikwanje, kapena kuti katana. Naco cimagwira nchito, bola cikhale cakuthwa kwambiri. Cikwanje cobuntha cimaphwanya nthambi, ndipo bala lophwanyika limacedwa kupola. Nkhwangwa isiyeni, ndi yogwetsera mitengo.

Zida zimatha kunyamula matenda kucoka pamtengo wina kupita pa wina. Mukamaliza mtengo umodzi, pukutani cida ndi javel, amene ena amati jiki. Sakanizani kapu 1 ya javel ndi makapu 9 a madzi. Nchito ikatha tsukani cidaco ndi madzi, ciume, mucipake timafuta kuti cisacite dzimbiri.

Kadulidwe koyenera

Yang'anani pamene nthambi yalumikizana ndi thunthu. Pamakhala potupa pang'ono ngati khosi. Khosi limeneli ndi limene limatseka bala. Dulani kunja kwa khosilo, pafupi nalo, koma osalidula.

Pali zolakwa ziwiri zimene anthu amacita kawirikawiri. Coyamba ndi kusiya citsa cacitali. Citsaco cimauma, cimaola, ciswe ndi tizilombo tofumbula mitengo timalowera pomwepo. Caciwiri ndi kudula mopitirira mpaka kusenda thunthu. Bala lake limakhala lalikulu, ndipo mtengo umavutika kulitseka.

Dulani mopendeketsa pang'ono kuti madzi a mvula asakhazikike pabala.

Nthambi yaikulu ndi yolemera. Mukangoiceka kucokera pamwamba, imathyoka isanaduke, n'kung'amba khungwa mpaka pathunthu. Kuti zisatero, icekeni katatu:

1. Yezani masentimita 30 kucokera pathunthu. Cekani kunsi kwa nthambi, kulowa pang'ono, osafika pakati.

2. Sunthirani kunja pang'ono, ngati zala 3. Cekani kucokera pamwamba mpaka nthambi igwe. Khungwa likang'ambika, limalekezera paja munaceka poyamba.

3. Tsopano kwatsala citsa copepuka. Cicotseni bwinobwino kunja kwa khosi.

Bala lodulidwa bwino limapola lokha. Musapake dothi, ndowe kapena oyilo wakutha wa galimoto. Zimenezi zimasunga cinyezi kapena kuwononga khungwa. Ngati bala ndi lalikulu kwambiri, funsani alangizi za mankhwala opaka.

Kudulira mtengo waung'ono

Akuluakulu amati m'mera mpoyamba. Zaka 3 zoyambirira ndi zimene zimapanga maonekedwe a mtengo. Nchito yake ndi yocepa, mpeni wokha ndi wokwanira.

Gawo loyamba: Lolani kamtengo kakule ndi tsinde limodzi. Kakapitirira mita 1, dulani nsonga yake pamsinkhu wa m'ciuno mwa munthu wamkulu, pakati pa masentimita 80 ndi mita 1. Patsinde la mango pamakhala malo amene masamba amamera mozungulira, moyandikana ngati mphete. Dulani pansi pa mpheteyo. Mukadula pamwamba pake, mphukira zambiri zimatuluka pamalo amodzi. Zikadzakula n'kulemedwa ndi zipatso, zimang'ambika pamphanda.

Gawo laciwiri: Pakapita masabata angapo mphukira zimatuluka. Sankhani 3 kapena 4 zamphamvu, zoloza mbali zosiyanasiyana. Zinazo zicotseni. Zimene mwasiyazo ndiwo mikono ya mtengo wanu moyo wake wonse.

Gawo lacitatu: Mkono uliwonse ukatalika masentimita 50 kapena 60, masamba ake atalimba, dulaninso nsonga. Pa mkono uliwonse siyani mphukira 3 zoloza kunja. Citani cimodzimodzi kacitatu.

Tiyeni tiwerenge. Poyamba panali nsonga 1. Mutadula, zinakhala 3. Mutadulanso, 3 kuculukitsa ndi 3 ndi 9. Kacitatu, 9 kuculukitsa ndi 3 ndi 27. Kamtengo kamene kakanakhala ngati mzati tsopano kali ndi nsonga 27, ndipo iliyonse ingathe kucita maluwa. Mtengowo umatambalala ngati ambulera, osathamangira kumwamba.

Ngati mtengo wanu ndi womezanitsa, monga Tommy Atkins, Kent kapena Keitt, pali zina ziwiri zoti musamale. Pafupi ndi pansi pali cipsera pamene mitengo iwiri inalumikizidwa. Mphukira iliyonse yotuluka pansi pa cipseraco ndi ya mtengo wa makolo umene uli kumizu. Icotseni ikadali yaing'ono. Mukaisiya imakula msanga, imalanda cakudya, ndipo mtundu umene munagula uja umafa.

Cinanso, mtengo womezanitsa umafulumira kucita maluwa, nthawi zina caka coyamba comwe. Zimasangalatsa, eti? Koma maluwa a zaka 2 zoyambirira acotseni. Kamtengo kakabereka kasanalimbe kamapinimbira. Kuleza mtima pano kumabweza pambuyo pake.

Musaiwale mpanda. Mbuzi nazo zimadulira, koma sizisankha.

Kudulira mtengo umene ukubereka

Mtengo wobereka umafuna kuukonza kamodzi pa caka. Musanakwere, uzungulireni kawiri. Kenako imani patsinde n'kuyang'ana kumwamba. Ngati simukuona thambo ngakhale pang'ono, mtengowo wathinana.

Cotsani nthambi motsatira ndondomeko iyi:

1. Zouma, zothyoka ndi zofumbwa.

2. Zodwala. Dulani pansi pa malo odwalawo, pamene mtengo uli wabwino.

3. Zimene zamera tizomera toyamwa mtengo. Tizomera timeneti timabwera ndi mbalame, timamera panthambi, ndipo masamba ake amasiyana ndi a mango. Kungotithothola sikuthandiza, timaphukanso. Dulani nthambi yonse imene tagwira.

4. Zopingasana ndi zokhulana. Pa ziwirizo siyani yamphamvu, yoloza kunja.

5. Zoloza m'kati, ndi zija zoongoka zothamangira kumwamba.

6. Zolendewera pansi. Pakati pa nthaka ndi nthambi zoyamba pakhale mpata wa pafupifupi mita 1, kuti mango asakhudze dothi.

7. Timitengo touma timene panali mango. Tidule pamodzi ndi kansonga kake. Timasunga matenda, ndipo tikacoka nthambi imaphuka bwino.

Pomaliza tsegulani zenera pamwamba. Sankhani nthambi 1 kapena 2 zapakati zimene zikuchinga dzuwa, muzicotse kuyambira pamene zinamera. Mukatsika, muyenera kuona timadontho ta dzuwa pansi pa mtengo. Msinkhu wabwino wa mtengo wa m'munda ndi mamita 4 kapena 5.

Lamulo lalikulu ndi ili: musacotse zoposa gawo limodzi mwa magawo 4 a masamba pa caka cimodzi. Masamba ndiwo amapanga cakudya ca mtengo. Mukaumeta mpala, umathera mphamvu zonse pophuka masamba, ndipo mungakhale caka kapena zaka 2 osadya mango. Mukakayika, siyani. Nthambi imene mwaisiya mungaidule caka camawa, koma imene mwaidula simungaibwezere.

Nanga mitengo yakale italiitali ija?

Mitengo yambiri ya m'midzi yathu inamera kucokera kunjere. Ina inabzalidwa ndi agogo, ndipo ndi yaitali kuposa mamita 15. Mtengo wotere ungafupikitsidwe, koma osati tsiku limodzi. Gawani nchitoyo pa zaka 3.

Caka coyamba cotsani zouma ndi zodwala. Kenako sankhani nthambi yaikulu imodzi kapena ziwiri zazitali koposa, muzifupikitse. Dulani pamwamba pa nthambi ina ya m'mbali, kuti imeneyo ipitirize kukula. Caka caciwiri citani mbali ina. Caka cacitatu malizani. Mukatero mbali imodzi ikamaphuka, mbali inayo ikubereka, ndipo pakhomo mango sasowa.

Pamalo odulidwa pamatuluka mphukira zambirimbiri. Mu Março kapena mu Abril bwererani. Siyani 3 kapena 4 zoloza kunja, zinazo zicotseni. Mukapanda kutero mtengo umathinana kuposa kale.

Khungwa limene lakhala mumthunzi zaka zambiri limapsa likakumana ndi dzuwa la mu Outubro. Limang'ambika n'kuyamba kuola. Pakani njereza, ija timapaka nyumba, panthambi zimene zatsala pambalambanda.

Mtengo wa pabwalo, umene anthu amakhalapo pokamba milandu kapena pophunzira, nchito yake yaikulu ndi mthunzi. Umenewo ingoucotsani zouma ndi zimene zingagwere anthu.

Nchenche ya zipatso

Mwina munadulapo bango looneka bwino kunja, m'kati n'kupeza mphutsi. Zimenezi zimacitika cifukwa ca nchenche ya zipatso. Pali mtundu wina woononga kwambiri umene kwawo ndi ku Asia. Akatswiri amauchula kuti Bactrocera dorsalis. Mu Africa unaoneka koyamba ku Kenya mu 2003. Kuno ku Mozambique unapezeka koyamba m'boma la Cuamba mu 2007. Ndiye kuti vutoli ndi lathu ndithu.

Nchenche yaikazi imaboola khungu la bango n'kuikira mazira. Mazira amaswa mphutsi, mphutsi zimadya m'kati, bango limagwa. Kenako mphutsi zimalowa m'dothi, n'kutuluka zili nchenche zatsopano.

Kudulira pakokha sikupha nchenche, koma kumathandiza. Mumtengo waufupi mumathyola mango onse pa nthawi yake, osasiya ena kuti aolere kumwamba. Pansi pa mtengo pamakhala poyera, ndipo akugwa amaoneka msanga.

Tolani mango akugwa tsiku lililonse. Oola akwirireni m'dzenje lakuya masentimita 50 kapena kuposa. Njira ina ndi kuwaika m'thumba lapulasitiki lakuda, losabooka, kulimanga ndi kulisiya padzuwa kwa sabata imodzi. Kutentha kumapha mphutsi. Nchenche siidziwa malire a munda, conco ndi bwino mudzi wonse uzitola pamodzi.

Mumitengo ina muli nyerere zofiira zimene zimalumikiza masamba n'kumanga zisa. Zimaluma, inde, koma ndi alonda a mtengo. Zimapirikitsa nchenche ndi tizilombo tina. Podulira, musatenthe zisa zake.

Mukamaliza kudulira

Musasiye nthambi zili mbwee pansi pa mtengo. Zodwala zitengereni kutali n'kuzitentha. Zabwino ziumitseni zikhale nkhuni. Masamba abwino ayaleni pansi pa mtengo kuti asunge cinyezi, koma asakhudze thunthu, kuopa ciswe.

Mtengo wodulidwa uli ngati munthu amene wagwira nchito yolemetsa, umafuna cakudya. Thirani manyowa owolerana bwino mozungulira, pamene pamalekezera mthunzi masana. Mizu yodya ili kumeneko, osati patsinde. M'cilimwe lambulani udzu mozungulira mtengo kuti moto wolusa usaufike.

Dzisamalireni

Musamagwire nchitoyi nokha. Wina akhale pansi, agwire makwerero ndi kuona kumene nthambi ikugwera. Ana akhale kutali.

Musanakwere, yang'anani ngati muli njuci, mavu kapena njoka. Musakwere mtengo wonyowa, umaterera. Musaponde nthambi youma. Musakwere cikwanje cili m'manja, cimangeni ndi cingwe n'kucikoka mutakhazikika.

Utomoni wa mango umatentha khungu, ndipo anthu ena amatupa nawo. Valani malaya a manja aatali. Ukakugwerani, sambani msanga ndi sopo. Ukalowa m'maso, tsukani ndi madzi ambiri oyera, ndipo ululu ukapitirira pitani kucipatala.

Ngati nthambi zili pafupi ndi mawaya a magetsi, musayerekeze. Kauzeni a EDM.

Mitengo ina ya zipatso

Mitengo siidulidwa mofanana.

Malalanje, manacesi ndi mandimu safuna kudulidwa kwambiri. Cotsani zouma, mphukira zoongoka za m'kati, ndi zonse zomera pansi pa cipsera.

Gwafa amabereka pa nthambi zatsopano. Mukathyola zipatso, fupikitsani nthambi kuti ziphuke zina.

Nthoci zimafuna kupatulira. Pa phando limodzi siyani zitatu: mayi amene ali ndi mkoko, mwana wotsatira, ndi kamdzukulu. Cotsani masamba ouma.

Papaya sadulira. Ingocotsani masamba ouma ndi zipatso zodwala.

Musanadule, funsani

Mtengo uliwonse uli ndi mwini wake. Kuno malo ambiri amayendera mbumba, ndipo mtengo wa pakhomo ungakhale wa agogo, wa amayi kapena wa abale onse. Mkamwini akangodzuka n'kuyamba kudula mango a apongozi, madzulo kuli mlandu. Khalani pansi, fotokozani cimene mukufuna kucita ndi phindu lake.

Anthu ena amaopa kuti mtengo ukadulidwa ufa. Musakangane nawo. Pemphani mtengo umodzi wokha. Udulireni bwino, woyandikana nawo muusiye. Lembani m'kope tsiku limene mwadulira. Nyengo ya mango ikafika, lembani madengu amene mwathyola pa mtengo uliwonse, ndi mango angati anali oola. Caka coyamba mtengo wodulidwa ungabereke ocepa, zimenezo zisakudabwitseni. Pitirizani kulemba zaka 2 kapena 3, kenako muwerengere banja lonse zimene zili m'kopemo.

Mukafuna thandizo, pitani kwa alangizi a zaulimi. Boma lililonse, la Cuamba, la Mandimba ndi la Ngauma, lili ndi ofesi ya SDAE. Ku Cuamba kulinso sukulu ya zaulimi ya Universidade Católica de Moçambique. Gulu lanu lingapemphe mlangizi kuti abwere kudzaonetsa kadulidwe pa mtengo weniweni. Kuona ndi maso kumathandiza kuposa kumva.

Mawu oti tiwadziwe

Kudulira: kucotsa nthambi zina mosankha kuti mtengo ukule ndi kubereka bwino.
Mphukira: nthambi yatsopano imene yangotuluka.
Kumezanitsa: kulumikiza kanthambi ka mtundu wabwino pa kamtengo kena kuti zikhale mtengo umodzi. Ena amati kukwatitsa.
Cipsera: cizindikiro cotsala pamene bala linapola.
Utomoni: madzi omata otuluka mumtengo ukadulidwa.
Kupinimbira: kulephera kukula bwino.

Mafunso okambirana pagulu

1. Kodi maluwa a mango amatuluka pati? N'cifukwa ciyani m'kati mwa mtengo mulibe maluwa?

2. Cingacitike n'ciyani mukadulira mtengo mu Junho?

3. Fotokozani mmene tingadulire nthambi yaikulu popanda kung'amba khungwa.

4. Mtengo uli ndi nthambi zikuluzikulu 12 zofanana. Kodi zoculuka zimene mungacotse pa caka cimodzi ndi zingati?

5. Kwanuko mango oola mumatani nawo? Mungagwirizane bwanji ndi anansi anu?

Zoti mukacite kunyumba

Sankhani mtengo umodzi wa mango. Imani patsinde lake masana, muyang'ane kumwamba. Lembani m'kope mwanu nthambi zouma zingati, zopingasana zingati, ndiponso ngati thambo likuoneka. Mubwere nalo kopelo tsiku la phunziro lotsatira.